Funsani Amalume: Kukasamba m'nyanja ndi kukaona mabwinja pa chilumba cha Crete

Moni nonse a kuchigwa kuno, kuyambira pa Thabwa mpaka ku Marka. Mwezi wathawu ndinangotchula modutsa kuti ndinakhalako ku Greece miyezi itatu pa maphunziro a ulimi wamthirira, ndiye mafunso agwa ngati mvula pa WhatsApp moti tsamba la mwezi uno ndalipereka ku nkhani imeneyi basi. Ena mafunso anu amafanana ndiye ndawaphatikiza, musadandaule mukapanda kuona lanu.

Funso: Amalume, ine ndine mayi wa ku Nchalo. Mwana wathu woyamba ali ku Germany amagwira ntchito ya unamwino ndiye wati chaka chamawa pomwe ine ndi bambo ake tikukwanitsa zaka 30 tili pabanja akufuna atitengere ku zilumba za ku Greece masiku khumi. Vuto ndi loti abambowa anaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale zaka zambiri ndiye iwo mtima uli pa mabwinja basi, pomwe ine ndatopa ndikungofuna ndikakhale pa mchenga mphepo izindiomba. Mwana watitumizira mayina anayi, Santorini, Mykonos, Rhodes ndi Crete, akuti tisankhe ziwiri kapena zitatu. Tapanga bwanji pamenepa?

Yankho: Mayi, choyamba mwana ameneyo mumuthokoze, si onse amakumbukira makolo chonchi. Chachiwiri musasankhe ziwiri kapena zitatu ayi. Sankhani chimodzi, ndipo chikhale Crete. Masiku khumi mukawagawa pa zilumba zitatu muona kuti theka lake lathera pa doko ndi pa bwalo la ndege mutakhalira zikwama, mubwera kuno mutatopa kuposa mmene munapitira.

Santorini ndi kokongola zedi, sindikana, nyumba zoyera zija mumaona pa Facebook ndi kumeneko, koma matauni ake ali pamwamba pa phompho, masitepe osati masewera, mchenga wake wambiri ndi wakuda wa phiri lophulika ndipo zinthu ndi zodula. Mykonos ndi kwa achinyamata ovina usiku wonse. Rhodes ndi yabwino, ikanakhala yachiwiri pa mndandanda wanga. Koma Crete ndi yomwe ingakwaniritse inu ndi abambo tsiku lomwelo, mmawa mabwinja masana nyanja, popanda wina kudandaula kuti akungoperekeza mnzake.

Mukamva kuti chilumba musaganize za Likoma kapena Chisi. Crete ndi chilumba chachikulu kuposa zonse za Greece, kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 260, kuposa ulendo wochoka ku Blantyre kukafika ku Marka, ndipo kukula kwake kumaposa maboma a Chikwawa ndi Nsanje mutawaphatikiza. Anthu ake ndi opitirira pang'ono 600,000. Pakati pake pali mapiri, lalitali ndi Psiloritis, mamita 2,456, silifika pa Sapitwa wathu koma nthawi yozizira limavala chipale chofewa. Ndiye poti ndi chachikulu chonchi mugone malo awiri, masiku asanu ku Heraklion komwe ndi likulu lake, masiku asanu ku Chania chakumadzulo. Pakati pa matauni awiriwa pamayenda mabasi a KTEL, abwino, ulendo wa maola ngati atatu.

Tsopano za abambo. Makilomita asanu okha kuchoka mu Heraklion pali Knossos, ndipo basi ya mtauni imakafika pakhomo penipeni. Apa ndi pomwe panali likulu la anthu omwe masiku ano amatchedwa Aminoa. Nyumba yachifumu yoyamba inamangidwa cha m'ma 1900 Yesu asanabadwe, inagwa cha m'ma 1700, anamanganso ina yaikulu kuposa yoyamba ija. Muwerenge bwino zaka zimenezi mayi, ndi zaka pafupifupi 4,000 zapitazo, koma anthuwa anali ndi nyumba zosanjikizana, masitepe amiyala, ngalande zochotsa madzi oipa ndi mapaipi adothi olowetsana bwinobwino. Ine poti ndinapitira za madzi ndinaima nthawi yaitali pa kangalande kena kamene kamatsika m'mbali mwa masitepe, anakasema mokhotakhota kuti madzi a mvula asathamange kwambiri, ndinakumbukira mmene ngalande zathu zimakokolokera chaka ndi chaka ndipo mtima unandiwawa pang'ono.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhokwe zawo. Kumadzulo kwa nyumbayi kuli tizipinda titalititali tondondozana momwe munkakhala mitsuko ikuluikulu yosungira mafuta a olivi, vinyo ndi tirigu, ndipo chakummawa kuli ina yaitali kuposa munthu, yokhala ndi tizogwirira tambiri momwe ankapisamo zingwe poinyamula. Munthu wa kuchigwa amene amadziwa chilala sangadutse pamenepo osaima. Mfumu inali mfumu chifukwa inali ndi nkhokwe, ngati kwathu kuno kale.

Koma abambo awadziwe ichi asanapite, ngakhale mwina akuchidziwa kale. Amene anayamba kukumba pa Knossos ndi munthu wa konko, Minos Kalokairinos, mu 1878. Kenako kunabwera Mngelezi Arthur Evans amene anagula malowo nkuyamba kukumba mu 1900, ndipo iyeyu sanangofukula ayi, anamanganso mbali zina ndi simenti mmene iye ankaganizira kuti zinkaonekera. Nsanamira zofiira zija zonenepa kumwamba zimene zili pa zithunzi zonse ndi ntchito ya Evans, zenizeni zinali zamatabwa zinatha kalekale. Ngakhale dzina loti Aminoa, lochokera kwa mfumu Minos ya m'nthano, analitchukitsa ndi iyeyo. Akatswiri mpaka lero amatsutsana ngati anachita bwino. Ine maganizo anga ndi oti kwa munthu wamba zimathandiza kuona mmene nyumba inalili, koma mphunzitsi wa mbiri apitenso ku Phaistos komwe sanamangeko kanthu, kuli miyala yokhayokha mmene anaipezera.

Nthano yake ana amaikonda. Akuti pansi pa nyumbayi panali njira zosokoneza momwe munkakhala chilombo, thupi la munthu mutu wa ng'ombe, chimene chinkadya anyamata ndi atsikana ochokera ku Athens, mpaka mnyamata Theseus anachipha ndipo anatulukamo potsata ulusi womwe mwana wa mfumu Ariadne anamupatsa. Mukayenda mmenemo muona chifukwa chake nthano inabadwa, zipinda ndi zambirimbiri zolowana. Za ng'ombezo ndiye zili paliponse, pali chithunzi cha pakhoma cha achinyamata akudumpha nkhunzi yolusa, wina wagwira nyanga wina ali mutu pansi pamsana pake. Ndinaganiza za abusa athu a ku Ngabu, iwo ndi amene angatiuze ngati zimenezi zingatheke.

Mufike pa Knossos geti likungotsegulidwa cha m'ma 8 koloko mmawa, chifukwa ikamakwana 10 mabasi a alendo amakhala atadzaza ndipo mthunzi ndi wochepa, nyenje zikulira m'mitengo ngati kwathu mu Okutobala. Mukachoka apo pitani ku nyumba yosungira zinthu zakale ya mu Heraklion, chifukwa zithunzi za pakhoma zomwe zili ku Knossos ndi zongokopera, zenizeni zili mmenemo. Musathamange, kuona maso a nkhono nkudekha. Muli kamkanda kagolide ka njuchi ziwiri kochokera ku Malia kakang'ono koma kosulidwa mwaluso lodabwitsa. Muli tiziboliboli ta mayi atagwira njoka m'manja, ine nditationa ndinakumbukira za ku Khulubvi komwe akuluakulu amati M'bona amabwera ngati nsato, ndinaona kuti si ife tokha amene makolo athu ankalemekeza njoka pa zachipembedzo. Mulinso kambale kadothi ka Phaistos, kukula ngati mbale yaing'ono ya ndiwo, kamene kanapezeka mu 1908, kali ndi zizindikiro 241 zodindidwa mozungulira mbali zonse ziwiri ndipo mpaka lero palibe anakawerenga. Zolemba zina za Aminoa zotchedwa Linear A nazonso sizinawerengedwe, pomwe zinzake za Linear B anazimasula Michael Ventris mu 1952 nkupeza kuti ndi Chigiriki chakale, ndipo zambiri ndi kaundula wa nkhosa, ubweya, mafuta ndi tirigu. Abambo akakhala mmenemo maola atatu musadabwe, panja pali pokhala mukhoza kumwa kanthu mukuwadikira.

China chowasangalatsa, mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika malo a nyumba zachifumu za Aminoa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse, pa msonkhano womwewo womwe linaikanso phiri lathu la Mulanje. Khulubvi ali pa mndandanda wodikira.

Tsopano za inu mayi. Tsiku limodzi mutsike kummwera. Msewu ukakwera mapiri umafika pena pomwe chigwa cha Messara chimaonekera chonse pansi, chafulati, chotentha, chodzaza ndi minda ya olivi, ine ndinangomva ngati ndili pa zikhotakhota za ku Thabwa ndikuona Shire ndi minda ya nzimbe. Mmawa abambo aone mabwinja a ku Gortyna ndi Phaistos, masana mutsikire ku gombe la Matala lomwe lili pafupi. Ndi kagombe kozungulira, mbali imodzi kuli thanthwe loyera lodzaza ndi mapanga osema omwe nthawi ya Aroma anali manda, ndiye inu muli pa mchenga abambo akukwera m'mapanga, aliyense wapeza chake.

Koma gombe lomwe ndikufuna mukalione ndi Elafonisi, makilomita ngati 75 kuchoka ku Chania, msewu wake ndi wokhota kwambiri ndiye amene amachita chizungulire asadye zambiri mmawa. Madzi ake ndi osaya, oyera moti mumaona zala zanu za kuphazi, mumayenda wapansi m'madzi ofika m'mawondo pena m'chiuno kukafika pa kachilumba kapatsidya, ndipo m'mphepete mchenga wake ndi wofiirira chifukwa cha tizigoba ta tizilombo ta m'nyanja tomwe tinaperepeseka. Ndinautapa m'manja kuuyang'anitsitsa, ndi timibulu toyera tosakanikirana ndi tofiira ngati ufa wa mapira. Utapeni muuone koma muubweze, ndi malo otetezedwa saloleza kutenga. Kulinso Balos komwe mumapita pa boti kuchokera ku Kissamos, ndi Falassarna komwe dzuwa limalowera m'nyanja momwemo. Awiri mwa atatuwa akukwanirani.

Mwezi wabwino ndi kumapeto kwa Meyi, Juni kapena Sepitembala. Julaye ndi Ogasiti anthu amachuluka, mitengo ya malo ogona imakwera, komanso kumaomba mphepo ya kumpoto yotchedwa meltemi imene imavundula nyanja ngati mmene mwera umachitira ku Mangochi. Ine ndikanasankha Sepitembala poti madzi amakhala atafunda chilimwe chonse.

Funso: Amalume ine ndinakulira pa Chiromo, kusambira ndimatha kuyambira ndili mwana koma kwathu timasamba diso lili pa ng'ona. Kodi kumeneko kulibe zoopsa m'madzi? Mnyamata wa ku Bangula.

Yankho: Mphwanga, ng'ona kulibe, mvuu kulibe, likodzo kulibe. Ine tsiku loyamba ndinalowa m'madzi ndikucheukacheuka chifukwa thupi linazolowera, zinanditengera masiku kuti ndimasuke. Koma madzi ndi madzi usawapeputse. Choyamba ndi amchere, osati ngati mijigo ina ya ku Chikwawa ija timadandaula nayo, awa ndi mchere weniweni, ukalowa m'maso umawawa ndipo ukamwa kapu imodzi usanza. Ubwino wake thupi limayandama mosavuta kuposa mu Shire. Chachiwiri pamiyala pamakhala tizilombo takuda tozungulira taminga ngati kanungu, ukaponda minga imathyokera m'phazi, ndiye gula tinsapato tapulasitiki tosambira nato amagulitsa m'mashopu a kugombe. Chachitatu yang'ana mbendera. Yofiira ikakwezedwa usalowe ngakhale umatha bwanji, chifukwa nyanja ili ndi mkokomo wobwerera umene umakokera munthu kutali, ndipo ukakugwira usalimbane nawo molunjika kumtunda, sambira chammbali motsata gombe mpaka utulukemo. Nambala ya ngozi ndi 112.

Dzuwa lokha ndiye usaope, munthu wa ku Bangula kutentha kwa kumeneko sikungakudabwitse. Koma madzi akumwa yenda nawo, mphepo ya kunyanja imanamiza munthu kuti kwazizira pomwe thupi likuuma.

Funso: Akulu, ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Nsanje. Kodi Crete mukunenayu ndi Krete yemwe timawerenga m'Baibulo uja? Ngati ndi yemweyo, malo omwe Paulo anafika alipobe?

Yankho: Ndi yemweyo bambo, eni ake amati Kriti. Pa Machitidwe 27 timamva kuti ngalawa yomwe inatenga Paulo kupita ku Roma inakocheza kummwera kwa chilumbachi, iye nkuchenjeza kuti asapitirire koma sanamumvere, mphepo yamkuntho inawakankhira kutali mpaka ngalawa inakasweka ku Melita komwe lero ndi Malta. Malo anakochezawo mpaka lero amatchedwa Kaloi Limenes, kutanthauza madoko abwino. Ndi kamudzi kakang'ono ka asodzi, pamtunda pali katchalitchi ka Paulo Woyera. Musayembekezere zazikulu, ndi malo achete, ndipo pa kachilumba kapafupi pali matanki a mafuta a sitima omwe amaononga maonekedwe pang'ono, koma kuima pamenepo mukuyang'ana nyanja yomwe ija ndi chinthu china. Kachilumba ka Kauda kotchulidwa m'mutu womwewo ndi komwe lero amati Gavdos.

Ndiye pali Tito, amene Paulo anamusiya ku Krete kuti aike akulu a mpingo m'midzi yonse, nkhani yake ili pa Tito 1:5, ndiye inuyo monga mkulu wa mpingo udindo wanu uli ndi mizu pa chilumba chimenechi. Ku Gortyna, komwe kunali likulu nthawi ya Aroma, kuli bwinja la tchalitchi chachikulu cha dzina lake, mbali ya kuguwa idakaimabe. Mu Heraklion muli tchalitchi china cha Agios Titos momwe amasunga chigaza chomwe amakhulupirira kuti ndi cha Tito, chinatengedwa kupita ku Venice pomwe Aturuki analanda tauniyi mu 1669 ndipo chinabwezedwa mu 1966. Polowa m'matchalitchi awo muvale zotseka mapewa ndi mawondo, amayi chitenje chimathandiza kwambiri, ndipo anthu kumeneko ankachisirira.

Muli pa Gortyna pomwepo musaphonye khoma la malamulo, lili pafupi kwambiri ndi tchalitchi chija. Ndi malamulo a mzindawo osemedwa pa miyala cha m'ma 450 Yesu asanabadwe, mizere pafupifupi 600, ndipo kalembedwe kake ndi kodabwitsa, mzere wina ukupita kumanzere wotsatira ukubwerera kumanja, Agiriki eni ake amati ndi mmene ng'ombe imatembenukira polima. Nkhani zake ndi zomwe mumaweruza pabwalo la mfumu ndi ku mpingo masiku onse, ukwati, kusudzulana, chuma cha masiye, ngongole. Lamulo lina likuti mkazi banja likatha atenge katundu amene anabwera naye ndi theka la zomwe analuka ali pabanjapo. Lina likuti mwana wamkazi alandire gawo pa chuma cha makolo, ngakhale linali theka la gawo la mwana wamwamuna. Ine nditamva zimenezi ndinaganiza za amayi amasiye angati kwathu kuno amene alandidwa mbuzi, malata ndi munda maliro asanathe nkomwe, pomwe anthu awa zaka zoposa 2,400 zapitazo anaona kuti nkhaniyi ndi yofunika kuisema pamwala kuti wina asadzakane.

Funso: Nanga mapepala ake amayenda bwanji, ndipo ndege timakwerera kuti? Mayi wa bizinesi, Chikwawa boma.

Yankho: Greece ili m'gulu la mayiko a Schengen ndiye Mmalawi amafunika viza ya Schengen, imene imalola kukhala masiku osapitirira 90. Lamulo ndi loti mumapempha ku dziko lomwe mukakhaleko masiku ambiri, ndiye mayi a ku Nchalo aja ngakhale mwana ali ku Germany, ngati masiku ambiri akathera ku Crete pempho lipite ku Greece. Mtengo wake ndi mayuro 90 munthu wamkulu ndipo akakukanani ndalamayo sibwerera. Pasipoti ikhale yoti idzakhalabe ndi moyo miyezi itatu mutabwerako, ikhalenso ndi masamba awiri opanda kanthu. Amafuna inshuwalansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa tikiti yopita ndi kubwerera, malo ogona, sitetimenti ya ku banki, ndi china chosonyeza kuti mudzabwerera kwanu monga kalata ya kuntchito kapena mapepala a bizinesi. Ngati akulipira ndi mwana kapena mbale, alembe kalata ndipo atumize mapepala ake. Mukhoza kupempha miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike, ndiye musadikire sabata yomaliza, ndipo musanalipire munthu aliyense amene akuti akuthandizani imbani kaye ku ofesi ya kazembe mufunse nokha, safunsa anadya phula. Sitetimenti musaikongoletse ndi ndalama zobwereka za tsiku limodzi, amaziona.

Ndege yolunjika kulibe. Mumanyamukira pa Chileka kapena ku Lilongwe, ambiri amasinthira ku Addis Ababa kukafika ku Athens. Kuchoka ku Athens ndege yopita ku Heraklion kapena Chania sitenga ola lathunthu, koma ine ndinakwera sitima yapamadzi ya usiku kuchokera pa doko la Piraeus, maola ngati asanu ndi anayi, chisitima chachikulu cholowa ndi malole omwe, Ilala ingaoneke ngati mwadiya pambali pake. Kufika mbandakucha mapiri a Crete akutuluka m'nyanja, zimenezo sindidzaiwala.

Ndalama yawo ndi yuro, ndipo poti ndalama zakunja zikuvuta kupeza kwathu kuno yambani kulankhula ndi banki yanu msanga. Tengani kosinthira pulagi chifukwa masoketi awo ndi a timabowo tiwiri tozungulira, chaja yanu ya mano atatu silowa. Magalimoto amayenda kumanja ndiye podumpha msewu yambani kuyang'ana kumanzere. Ndipo ichi anthu amachita manyazi kukuuzani, m'zimbudzi zambiri pepala saponya m'madzi, pali kabini pambali, mapaipi awo ndi aang'ono amatsekeka.

Funso: Malume pali munthu wina akuti ndimupatse ndalama andipezera viza yokacheza ku Greece kenako ndikakafika ndikangoyamba ntchito yothyola zipatso. Ndagulitsa kale ng'ombe imodzi. Mnyamata wa ku Ngabu.

Yankho: Mwana wanga, yachiwiriyo usagulitse ndipo ndalama ya yoyambayo usapereke. Viza yokacheza siloleza kugwira ntchito, masiku ake akatha umakhala munthu wobisala, wakulemba ntchito akhoza kukumana malipiro ndipo sungakadandaule kulikonse, ukagwidwa amakubweza nkukutsekera khomo la mayiko onse a Schengen. Ntchito yovomerezeka imayamba ndi bwana wa konko amene amakupemphera chilolezo iwe usananyamuke, ndipo viza yake ndi ina. Wina akakuuza zodzera ku Libya pa boti ndiye thawa ndithu. Maboti amenewo amafikadi ku Gavdos ndi kummwera kwa Crete koma nyanja yomwe ndikuitama pamwambapa yameza anthu ambiri, mu Juni 2023 boti lina linamira kufupi ndi Pylos ndi anthu mazanamazana. Khala pansi ndi atsibweni ako muone chochita ndi ndalama ya ng'ombeyo, madimba alipo, ndipo undilemberenso undiuze mwagwirizana zotani.

Funso: Ine nkhawa yanga ndi chakudya amalume, mwamuna wanga popanda nsima amati sanadye. Komanso pobwera tingatengeko chani? Mayi wa ku Makhanga.

Yankho: Nsima kulibe mayi, zimenezo awauziretu. Mukapeza malo ogona okhala ndi kakhitchini mukhoza kuphika nokha, ufa wachimanga wachikasu umapezeka m'mashopu. Koma ayeseko za eni dziko, sadzagona ndi njala. Tsiku lina ndinaitanitsa masamba otchedwa vlita osadziwa kuti ndi chani, atabwera ndinangoseka ndi chimwemwe, bonongwe weniweni, wowiritsa, athira mafuta a olivi ndi ndimu. Therere lobala amadyanso, amati bamies, amaphika ndi tomato koma silitelera ngati lathu. Nyama ya mbuzi ndi nkhosa ndiye kwawo, nyemba, mphodza, nsomba zowotcha, buledi pa tebulo nthawi zonse. Pali dakos, chibuledi chouma cha balere chomwe amanyowetsa ndi tomato wopala, mafuta ndi tchizi, chimakhutitsa ndipo sichidula. Nkhono amadyanso zokazinga, zimenezo mudzaona nokha ngati mtima ukulola. Nsomba zikuluzikulu amagulitsa pa kilo ndiye funsani mtengo asanaphike.

Mukamaliza kudya malo ambiri amabweretsa zipatso kapena kotsekemera ndi kabotolo ka raki osalipiritsa, ndi kachasu wa mphesa, waukali. Ngati simumwa ingothokozani, nenani kuti efharisto, sakhumudwa. Anthu a ku Crete mlendo amamulandira ngati kwathu, agogo ena pamudzi wina kufupi ndi Chania anandiitana ndikudutsa pa msewu nkundipatsa nkhuyu zodzaza chipewa, sitinamvane chilankhulo koma tinakhala limodzi pakhonde mpaka dzuwa kupendeka.

Zobwera nazo, mafuta a olivi a m'chitini, uchi wa kumapiri ndi masamba a tiyi wa kuthengo. Mafuta ndi uchi muike m'chikwama chachikulu chopita pansi pa ndege mutakulunga ndi zovala, m'chikwama cha m'manja akulandani pa geti. Koma mwala, phale kapena kachidutswa kalikonse ka pa mabwinja musatole ngakhale kali pansi poti aliyense akupondapo, malamulo awo pa zinthu zakale ndi okhwima ndipo anthu amamangidwa nazo pa bwalo la ndege.

Mwezi wamawa tibwerera ku nkhani za mbewu ya mapira ndi mchewere, amene munafunsa za mbewu yocha msanga mayankho anu ndawasunga. Takhuta.